Palibe Kanthu wa Mayi Nungu

Padangotero, kale lija nyama zinkapita kumsika madengu ali pamutu, kunamveka malonda oti wanzeru akawamva agwire thumba lake n'kubwerera kwawo. Mayi Nungu, namkungwi wa dera lonselo, amene analangiza akazi ambirimbiri za ulemu, analengeza kuti ali ndi chipinda chaulere. Kulowa n'kuyala mphasa, basi. Kuwonjezera apo, wolowamo adzalima munda wa mayiwo, ndipo zokolola adzagawana pakati ndi pakati.

Ife amalonda tili ndi nthenda imodzi. Tikamva mawu oti ulere, makutu amaimirira, nzeru n'kukhala pansi. Ndiye woyamba kufika anali Njiri, kholo lathu pa nthenda imeneyi, amene ankadzitama kuti chibadwire sanagulepo kanthu pa mtengo woyamba. Una wake unali utagumuka ndi mvula yoyamba, mkazi ndi ana akugona pamakonde a eni.

“Amayi,” anatero Njiri, “chaulere chimakhala ndi mchira. Mchira wake uli pati?”

“Mchira wanji, mwananga? Ine ndimangolakalaka phokoso la ana pakhomo.”

“Nanga amene ankakhalamo chaka chatha ali kuti?”

“A Fulu? Anangochoka okha. Asanabwere iwo munali a Gwape, nawonso okha. Ine sindinayankhulepo kanthu. Funsani aliyense.”

Fulu ndi munthu wopirira, woti mvula ya matalala amaimva ngati nkhani za kwa eni. Njiri akanafunsa chimene chinathawitsa munthu wotere. Koma iye anali kale pa ntchito yomanga mayiwo ndi pangano. Anaitana Khwangwala, mkulu wa mpingo wa kolala yoyera uja, kuti akhale mboni.

“Tikambirane poyera,” anatero Njiri. “Ndikachoka ndekha chimanga chisanalowe m'nkhokwe, chonse n'chanu. Koma mukandipitikitsa ndi pakamwa panu, chonse n'changa.”

“Zili bwino, mwananga,” anayankha Nungu, Njiri asanatseke n'komwe pakamwa.

Wogulitsa akavomera msanga chotere, wogula uyambe kuyang'ana njira yothawira. Njiri anapita kukatenga banja lake akuimba mluzu.

Nthawi yodzala kunali mtendere. Nthawi yopalira, mtendere. Njiri anabandira munda wonse mpaka mzere wotsiriza, n'kupachika khasu. M'mawa mwake anamva munsi ukugunda kuseri kwa nyumba, ndipo pamwamba pa kugundako panali nyimbo.

Inali nyimbo yofatsa, yokoma, yoti ungagonekere mwana. Inkanena za mlendo wina wa kudziko lakutali, amene mapazi ake amatuta munda wonse kuulowetsa m'nyumba ya eni, amenenso mano ake anakana kukhala m'kamwa. Ikafika pobwereza, woimbayo ankapempha mtondo kuti umuchitire umboni kuti iye sanatchule munthu, ndipo munsi unkagwa mwamphamvu pa mawu otsirizawo.

Njiri anayang'ana mapazi ake. Anagwira mano ake. Kenako anazungulira kuseri.

“Amayi, nyimboyi ikunena ine?”

“Inu? Dzina lanu lamvekamo? Iyi ndi nyimbo ya makolo.”

“Koma za manozo...”

“Kodi muli ndi mano otuluka? Taonani, ine sindinazindikire n'komwe.”

“Ngati ndalakwa penapake, ndiuzeni.”

“Palibe kanthu, mwananga.”

Pakamwa pankamwetulira. Minga yapamsana inali njo, ikuchita phokoso ngati nyemba zouma m'chikwatu.

Patapita masiku, Nungu anabwera ndi chigumu chotentha m'mbale.

“Idyani, bambo. Idyani inu. Ine njala ndinaizolowera.”

Anakhala pansi moyang'anizana naye. Njiri akanyema, mayi aja kuusa moyo. Akatafuna, kuusanso moyo, maso akuperekeza nthongo iliyonse kuchokera m'mbale mpaka kummero. Njiri anakankha mbale.

“Ndakhuta, amayi.”

“Palibe kanthu,” anatero Nungu. Lamulungu lake anadandaula kwa azimayi a mvano, osatchula dzina, kuti alendo a masiku ano amanyoza chakudya cha amasiye. Ndipo madzulo ake mtondo unachitanso umboni.

Kenako kunabwera minga. Njiri anabwera kuchokera kumunda atatopa, n'kudziponya pamphasa pake. Anadzuka msanga kuposa mmene anakhalira, akukuwa, munga uli pamalo oti munthu sangaonetse apongozi.

“Kalanga ine!” anatero Nungu pakhomo. “Ukalambawu! Minga ikungothothoka yokha. Kale nyumba ino ili ndi malo, ndinkadziwa pomwe yagwera. Koma palibe kanthu.”

Tsiku lotsatira munga wina. Linzake, iwiri.

Njiri anapita kwa Khwangwala akuyenda motang'adza.

“Akulu a mpingo, mayi aja akundithamangitsa.”

“Anakutukwanani?”

“Ayi.”

“Anati muchoke?”

“Ayi.”

“Anati chiyani tsono?”

“Anati palibe kanthu.”

“Ndiye mlandu uli pati, bambo? Mayi wakupatsani nyumba, wakupatsani chigumu, akukuimbirani ndi nyimbo zomwe. Pitani mukapemphere, mtima wanu ndi umene uli ndi minga.”

Apa m'pamene zimapwetekera. Wokumenya ndi chibonga amakusiyira chotupa choti ukaonetse ku bwalo. Uyu amakusiyira mafunso okhaokha, mpaka umayamba kudzikayikira wekha. Njiri anaonda. Ubweya wake, umene kale unali wochititsa kaso, unayamba kuyoyoka. Chimanga chinali chitakhwima, kungodikira kuuma, koma iye anauza mkazi wake kuti ayambe kumanga akatundu.

“Tipite kuti ndi anawa, mvula isanathe?” anafunsa mkaziyo. “Ndipo tikadya chiyani chaka chonse? Thukuta lanu lonse lija musiyire iwowa?”

Njiri anangotuluka. Anapita kumsika kukafuna luzi lomangira mitolo, ndipo kumeneko anakumana ndi mlamu wake Bwampini, amene anakwatira mlongo wake. Bwampini ankagulitsa chilichonse chimene mwini wake wayang'ana kumbali.

“Alamu!” anakuwa Bwampini. “Mwaonda ngati mpini wa khasu. Kodi nyumba yaulere ija mukulipira ndi mnofu?”

“Musandiseke, alamu. Zandivuta.”

Anafotokoza zonse: nyimbo, chigumu, minga. Bwampini anamvetsera akutokosa m'mano.

“Ndamva. Mayiwo ali ndi pakamwa pawiri. Pena pali kumaso, pena pali kumsana. Pangano lanu linatchula pati?”

“Pakamwa penipeni.”

“Nanga inu mukuvutikiranji kuyankha pamsana? Iwo akuponya mtolo pansi osanena kuti ndi wa yani, inu n'kuthamanga kukausenza. Usiyeni pomwepo. Akati palibe kanthu, ndiye kuti palibe kanthu. Wofuna kumveka ayankhule.”

“Kunena n'kosavuta.”

“Ndiye ndibwere ndikuonetseni. Koma nzeru si masamba a m'tchire. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndizidzatapa chodzaza masaya anga awiri tsiku lililonse, mpaka chaka chitembenuke.”

Nthenda ija inadzuka. Njiri, munthu woti mawa lake akanagona pamvula, anayamba kunenerera.

“Awiri? Alamu, pachibale? Limodzi.”

“Mukundipha, alamu.”

“Limodzi, apo ayi ndikafunsa nzeru kwina.”

Bwampini anagwira mutu ngati waferedwa, n'kuvomera. Njiri anayang'ana timasaya tophwa tija, toti simungalowe ngakhale chitsononkho, ndipo anazungulira msika wonse kuuza anthu mmene wam'tsitsira mlamu wake ndi theka lathunthu.

Madzulo anafika naye kunyumba.

“Amayi, awa ndi alamu anga. Akhala nafe pang'ono. Kaya pali chovuta?”

“Chovuta chanji?” anatero Nungu, minga ikudzuka umodzi umodzi. “Nyumba ino ndi msika. Aliyense azingolowa.”

“Mwamva, alamu?” anatero Bwampini akuomba m'manja. “Anthu a mtima wotere anatha kale padziko. Zikomo, amayi!”

M'mawa mwake anayala malonda ake pakhonde.

Nungu anabweretsa chigumu. “Idyani, alendo. Ine njala ndinaizolowera.”

“Munaizolowera? Mwayi wake! Ife takhala tikuyesa chibadwire, ikutikanika.” Bwampini ananyema chachikulu, china n'kupatsa Njiri. Mayi aja anausa moyo.

“Chifuwa, amayi?”

“Ayi.”

“Pali chovuta?”

“Palibe kanthu.”

“Tithokoze Mulungu. Alamu, idyani, chikuzizira.”

Anamaliza, n'kunyambita mbale, n'kufunsa ngati mawa angawonjezeremo nthochi. Njiri anadabwa kuona kuti chigumu chija chikutsika bwinobwino pakhosi, ndiponso kuti n'chokoma.

Munsi unayamba kugunda dzuwa lisanapendeke. Mlendo wa kudziko lakutali uja tsopano anali atapeza mnzake wa mchira wautali ndi mimba yopanda pansi. Pofika pobwereza paja, pamene mtondo umapemphedwa umboni, kunamveka mawu achiwiri akuvomera mokweza, mosalala ngati a m'kwaya. Anali Bwampini. Anathamangira kuchitsime n'kubwera ndi azimayi onse.

“Bwerani mudzamve nyimbo ya makolo! Amayi, yambaninso. Koma tiuzeni, mlendo wopanda khalidweyu ndani? M'tchuleni, tikam'lange lero lomwe.”

Azimayi aja anatchera makutu, mitsuko ili pamutu. Ambiri mwa iwo anaphunzira ulemu pamiyendo ya Nungu yemweyo.

“Ndi nyimbo chabe,” anatero Nungu.

“Ndiye tiivine!”

Anaivina. Ana a Njiri anaiphunzira. Njiri mwini wake analowa m'bwalo, matope ali m'mapazi, mano ali panja, ndipo pobwereza paja ankadumpha n'kugwa pamodzi ndi munsi. Sabata isanathe nyimboyo inali ikuimbidwa pa zinkhoswe. Mkondo wa mayi uja unali utasanduka mthiko wa mudzi wonse.

Inatsala minga. Bwampini ankadzuka m'mamawa n'kusesa mphasa mosamala, n'kutola uliwonse.

“Amayi, mwatisiyiranso mphatso! Itatu lero. Alamu, taonani kusongoka kwake.”

Anapita nayo kumsika. Osoka matumba a chimanga anailimbirana. Ovutika ndi matekenya anaima pamzere. Bwampini ankabwerako ndi mchere, mtedza, nthawi zina kansalu, ndipo zonse ankayamba waonetsa mwini minga, akuthokoza mogwada. Nungu akapsa mtima, minga inkagwa yambiri. Ikagwa yambiri, Bwampini ankathokoza kwambiri. Msana wa namkungwi unayamba kuoneka ngati munda umene mwadutsa mbuzi.

Chimanga chinauma. Njiri anachidula n'kuchisanja m'mikukwe, ndipo Nungu anaona kuti nthawi ikumuthera, mlendo sakumanga katundu, akungonenepa. Tsiku loti ayambe kututa, Khwangwala anabwera kudzaonerera kugawana. Bwampini anasankha nthawi yomweyo kutulutsa chikho cha mchere.

“Amayi, uwu ndi wa minga ya dzulo. Anthu akuti yanu ndiye yeniyeni, ena onse amagulitsa zinyalala. Akungodandaula kuti ikuchepa.”

Nungu anamwetulira kumwetulira kowawa. “Bwanji osangozula yonse, poti ine ndasanduka munda wanu?”

“Akulu a mpingo, mwamva?”

“Ndamva,” anatero Khwangwala. “Kupatsa kotere n'kosowa.”

“Komabe ine ndinaleredwa,” anatero Bwampini. “Ndifunse kaye. Amayi, pali chovuta? Ngati chilipo, nenani, ndisiya pompano.”

Minga yotsala ija inkanjenjemera. Nungu anayang'ana Khwangwala, anayang'ana mikukwe ya chimanga, n'kumeza malovu.

“Palibe kanthu.”

Bwampini anaimba mluzu. Kuseri kwa mpanda kunatuluka Njati ndi matumba ake ong'ambika, Mbidzi akutsimphina ndi matekenya, Nyani amene sankafuna kanthu koma anamva kuti n'zaulere, ndi ena ambiri pambuyo pawo. Bwampini anapukuta manja, anazungulira kumbuyo kwa mayi aja, n'kugwira munga wautali wa pafupi ndi mchira.

“Tiyambira uwu. A Njati, tambasulani dzanja.”

Anangokoka pang'ono.

“Ndisiye! Choka! Chokani nonse m'nyumba mwanga! Iwe khoswe wakuba iwe, ndi mlamu wako wa mano ngati makasu! Kulowa ndi matope ngati m'khola! Mkonono usiku wonse ngati chigayo! Ana kukanda chitseko changa, kupukutira mphuno pansalu yanga ya kutchalitchi! Chigumu changa, nthochi zanga! Ndatopa nanu! Chokani lero, lero lomwe lino!”

Mbalame zinathawa m'mitengo. Mbidzi anaiwala kutsimphina. Khwangwala anakonza kolala yake.

Njiri ndiye anayamba kuyankhula, ndipo anayankhula motsitsa.

“Amayi, za matopezo mukanandiuza tsiku loyamba, ndikanapukuta mapazi. Anawo ndikanawakalipira. Mkonono wokhawo ndiye sindikanalonjeza.”

“Namkungwi sanena zotere,” anatero Nungu akupuma mwawefuwefu.

“Koma mwanena,” anatero Khwangwala, “ndipo mudzi wonse wamva. Chimanga chonse n'cha a Njiri.”

Nungu anawafulatira onse n'kulowa m'nyumba. Oyandikana naye amati tsiku limenelo anadya bwino ndi kugona tulo tofa nato, koyamba pa zaka zambiri, poti zimene ankasunga zinali zitatuluka. Koma phunziro sanalitenge lonse. Mpaka lero Nungu akakwiya sakuyang'ana kumaso. Amakufulatira, n'kubwerera chambuyo mpaka akubaye.

Nthano ikanathera apa, ife amalonda tikanatuluka ndi ulemu. Koma pali tsaya lija.

Njiri anakumba una watsopano, anamanga nkhokwe yaikulu, n'kuidzaza mpaka kudenga. M'mawa woyamba Bwampini anafika.

“Odi, alamu! Ndabwerera kanga kaja.”

“Tapani, alamu, tapani. Limodzi, musaiwale.”

Bwampini anayamba kutokonola n'kumaponya m'kamwa. Tsaya lamanzere linatupa ngati dzira. Linatupa ngati dzungu. Linatupa ngati mtsuko, ndipo mwini wake anali akuponyabe. Pamene ankanyamuka n'kuti dengu lathunthu litalowa, iye akuyenda chopendekera mbali imodzi ngati ngolo yothyoka gudumu. Pachipata anacheuka, n'kufunsa ndi mbali ya pakamwa imene inali ndi mpata.

“Alamu, nkhope yagwa. Pali chovuta?”

Apa Njiri akanangoti, “Alamu, ndinalakwitsa, sindinkawadziwa masaya anu, tiyeni tikambiranenso.” Bwampini ndi wakuba, koma si mfiti. Akanaseka, akanam'nyoza mwezi wathunthu, kenako akanatsitsa, poti ana a m'nyumbamo ndi a mlamu wake ndipo mkazi wake, mlongo wa Njiri, sakanamulola kuwagoneka ndi njala. Koma Njiri anakumbukira msika wonse umene anauuza za kuchenjera kwake. Anameza malovu.

“Palibe kanthu, alamu.”

“Tithokoze Mulungu. Tionana mawa.”

Mawa lake anafunsanso, n'kuyankhidwa chimodzimodzi. Njiri anayamba kuusa moyo Bwampini akamatapa. Bwampini anam'funsa ngati chili chifuwa. Njiri anayamba kusiya chisa cha mavu pakhomo la nkhokwe, mwangozi. Bwampini anathokoza, n'kukagulitsa ana a mavuwo kwa ofuna nyambo za nsomba.

Tsiku lina mkazi wa Njiri pochokera kuchitsime anamva munsi ukugunda kuseri kwa nkhokwe. Anasuzumira. Anali mwamuna wake, bambo wa ndevu zake, atagwira munsi, akusinja timaso ta chimanga totsalira pansi. Ankaimba ndi mawu onga chitseko chadzimbiri za mlendo wina wa kudziko lakutali amene tsaya lake lilibe malire, ndipo pobwereza ankapempha mtondo kuti umuchitire umboni kuti iye sanatchule munthu.

“Bambo a ana,” anatero mkaziyo, “si mungowauza?”

“Kuwauza chiyani? Ndi nyimbo ya makolo.”

Ndipo kunjira kunamveka mawu achiwiri akuvomera mosangalala, osamveka bwino chifukwa m'kamwa munali modzaza.

Tsono tiwerengere, poti malonda satha osawerengera. Mayi Nungu analipira minga, ndipo minga inamera ina mvula yotsatira isanagwe. Analipiranso theka la munda umene sanaulime. Bwampini analipira mluzu umodzi. Njiri, katswiri wa kunenerera, analipira ubweya wake, umene sunabwererenso, ndi nkhokwe yathunthu, theka lake ndi theka la Nungu lomwe, tsaya limodzi patsiku mpaka pansi pa nkhokwe panaoneka dzuwa. N'chifukwa chake mukakumana naye lero mumam'peza atagwada, akufukula mizu ya udzu ndi mphuno. Mukam'funsa chimene chinachitika, amakweza mchira n'kuthawa, kuopa kuti angayankhe.

Mphasa yanga ndayalula pamenepa. Basera palibe.